Mphindi ya Khumi ndi Chimodzi

Usiku umenewo ine ndinali wa zingwe,
nditakhala pa kreti kumbuyo kwa holo ku Area 3,
mahedifoni m'makutu,
maso pa timagetsi tobiriwira tokwera ndi kutsika
ngati chifuwa cha munthu amene ali m'tulo.

Gululo linkadzitcha Mphambano Zisanu
chonsecho anali anayi.
Wachisanu analowera ku Joni osatsanzika.
Nyimbo zawo zinali zosavinika.
Khumbizeni pa ng'oma ankawerenga kasanu n'kawiri
pomwe mwendo wa munthu umadikira kanayi,
ndiye ovina ankaponda m'malere
ngati wotsika masitepe mumdima
amene akuyesa kuti latsala limodzi.

Nyimbo yachitatu inali ya mphindi khumi ndi zisanu n'zinayi.
Inayamba ndi kiyibodi ya Mwatitha,
yoonda ngati madzi a Lingadzi mu Okutobala,
gitala n'kubwera pambuyo monyang'ama,
kukhota, kubwerera, kusiya msewu,
ngati wa kabaza amene waona apolisi pa Mchesi.

Pa mphindi yachinayi wina akutsokomola.
Pa yachisanu n'chiwiri botolo likugwa, osasweka,
likugubuduzika mpaka kunsi kwa siteji.
Zonsezi ndinasunga.

Pa mphindi ya khumi ndi chimodzi magetsi anathima.

Gitala anafera pakati pa mawu.
Kiyibodi, zii.
Kanatsala maso n'kamakina kanga ka mabatire,
ndi Khumbizeni,
amene sanaleke, mwina sanadziwe n'komwe,
pakuti ankaimba atatsinzina.
Kasanu n'kawiri. Kasanu n'kawiri.
Kenako pakona wina anayamba kung'ung'udza
kanyimbo kaja gitala anakasiya panjira,
wina n'kulandira, wina,
mpaka holo yonse, anthu osakwana zana,
alonda ndi ogulitsa mowa omwe,
ananyamula nyimbo ya eni ake pakamwa
monga anthu amanyamulira minibasi yotitimira m'matope,
aliyense pomwe dzanja lake lafika.

Ndipo m'kati mwa zonsezo,
pafupi penipeni ndi maikolofoni yanga ya kumanzere,
mawu a mkazi, osanong'ona n'komwe:
"Kodi imeneyi ithera pati?
Ya ku Kawale itisiyatu."

Jenereta inatsokomola kawiri, n'kudzuka.
Gitala anabwerera pomwe anthu anali atafika,
osati pomwe iye anasiyira.

M'mawa mwake anyamata anati,
chabwino chonse, koma mayiyo umufufute.
Ndinati makina akukana.
Linali bodza langa loyamba pa ntchito.
Tinadinda ma CD makumi asanu,
tinagulitsa khumi ndi atatu,
ena Mwatitha amaikirapo makapu a tiyi.

Mwini mawuwo ndinamupeza patatha milungu itatu
pamzere wogula mayunitsi a magetsi.
Anafunsa wogulitsa, "Kodi umenewu uthera pati?"
ine n'kutembenuka.
Dzina lake Ndaziona.
Minibasi inamusiyadi usiku uja,
anayenda wapansi, nsapato m'manja,
ndipo zaka khumi ndi ziwiri zonse
sanasiye kundilipiritsa ulendowo.
Nyimboyo sanaikondepo.
Ankati ili ngati ulaliki wa m'busa wobwereka.

Lero Khumbizeni amayendetsa thiraki ya ku Beira.
Wa gitala ndi mkulu wa mpingo, sakamba za kale.
Holo ija amagulitsiramo matailosi.
Ine ndimakonza mafoni pafupi ndi depoti,
fumbi m'mano, chitsulo chowotchera m'dzanja.
Ndaziona tinakamusiya ku Area 18
chaka chatha, mvula isanagwe.

Madzulo ndikatseka kabenchi kanga
ndimavala mahedifoni omwe aja, khutu limodzi lomanga ndi tepi.
Ndimadutsa chifuwa chija. Ndimadutsa botolo.
Ndimadikira mdima.
Anthu ayamba kung'ung'udza,
iye n'kufunsa funso lake,
ine n'kubweza pambuyo pang'ono.
Afunsanso.

Mphindi zisanu n'zitatu zotsalazo
akuti ndiye zokoma kuposa zonse.
Anatero omwe anazimva.